Galasi la Kumanzere

Magalasi a njinga ine ndawagwira ochuluka kuposa tsitsi la m'mutumu, ena oonetsa mpaka za dzana. Koma la mlonda wa pasitolo ya matayala limandiumitsa malovu mpaka lero.

Mkuluyu anafika kwa mnzanga wogulitsa zipangizo za njinga madzulo, chitseko chatsekedwa kale mbali imodzi. Mkazi wake anali atamwalira miyezi itatu yapitayo, osasiya ndi chithunzi chomwe, ndipo nkhope ya mkaziyo inali itayamba kumuthawa m'mutu. Koma tsiku lililonse popita kuntchito kutada, akafika pachitunda cha kuseri kwa chipatala, njinga inkalemera. Kaliyala ankalira. Dzanja lozizira linkamugwira lamba monga ankachitira malemuwo. Akacheuka, palibe munthu.

"Mukufuna lotani, achimwene?" wogulitsa anafunsa. "Lozungulirali limaonetsa lole isananyamuke kwawo. Lamakonali silinjenjemera m'mabampu."

"Ndikufuna loonetsa pakaliyala."

"Akukuberani katundu, kapena mwapeza wina kale?"

Mlonda sanaseke. Anakhazika wogulitsayo pakaliyala, mwendo uku mwendo uku, n'kuyesa magalasi asanu ndi awiri. Anasankha lamakona, loonetsa ngakhale chiphuphu cha pamphuno. Analimanga kumanja.

Pachitunda paja njinga inalemera. Dzanja pa lamba. Anatsitsa maso pang'onopang'ono.

Analimo. Mpango wake wobiriwira. Phewa. Msana. Koma nkhope ayi. Mlonda anali ataiwala kuti mkazi wake ankakhala chammbali, miyendo yonse kumanzere.

"Mayi a ana, tacheukani pang'ono," ananong'ona.

Dzanja linangofinya lamba. Usiku umenewo analira mpaka malaya anachita kuwafinya, ndipo ine sindinama.

Mawa lake anabwerera kukagula lina.

"Awiri? Ndi njinga imeneyi kapena basi?" anatero wogulitsa, uku akumanga la kumanzere. Ataona maso a mlonda anangomalizitsa kumangako mwachangu.

Kutada, anafika m'munsi mwa chitunda. Njinga inalemera. Dzanja linabwera. Anapalasa kawiri, katatu. Kenako anayang'ana kumanzere.

Kaliyala anati kwee. Njinga inapepuka kamodzin'kamodzi, pang'onong'ono agwe nayo. M'galasimo munali msewu, ndi mpango wobiriwira ukutsetsereka wapansi, ukuchepa, mpaka mdima unaumeza.

Anamasula magalasi onse awiri pomwepo, ndi zala zokha, zikhadabo zikutuluka magazi. Anakwera n'kutsika chitundacho kokwana zana kusanache, akuitana. Njinga inali yopepuka ngati pepala. Ndi yopepukabe.

Amayi amene anasambitsa thupi la malemu amanong'onezana pampopi. Akuti matenda amene anamupha anali atamudya nkhope, ndipo tsiku lomaliza mkaziyo anapempha kuti amufunditse nsalu mwamuna wake asanalowe.

"Ankafuna asunge nkhope yakale ija," amatero. "Nanga akanadziwa bwanji kuti bamboyo waiiwala?"