Tsache la a Chitemwa Linafika Mochedwa

Paxton anali makaniko wa ku Old Town, wa aja okonda galimoto kuposa anthu. Mkazi wake ankadandaula kuti akanabadwa injini bwenzi akusisitidwa tsiku ndi tsiku. Chaka chimenecho bamboyu anatha miyezi isanu ndi itatu ali chagada pansi pa chigalimoto chakale cha Pijo, chimene kagulu ka anthu osunga galimoto zamakedzana kanakachotsa m'khola la mbuzi ku Mitundu. Akuti chinathamangapo m'mipikisano yakale, Lilongwe ikadali kaboma ka fumbi. Tsiku limene chinalira, Paxton anapenta nambala 14 pazitseko zonse ziwiri, n'kuima patali kumadzitama yekha.

A gululo anafuna kuti pa tsiku lachionetsero galimoto zawo zidzadutse njira yeniyeni imene ankapikisanamo kalelo. Koma njirayo inali itamezedwa ndi mzinda. Mapu panalibe. Woikumbukira anatsala mmodzi yekha, a Chitemwa, amene anamuphunzitsa Paxton kugwira sipanala.

A Chitemwa anali atapitirira zaka makumi asanu ndi atatu, ndipo ankakhala kwa mwana wawo Rose ku Area 47. Rose anavomera mokoka miyendo.

"Adada sayenda madzulo," anatero ali pageti. "Ndalola chifukwa ndi inu, a Paxton. Seveni isanakwane akhale ali pano. Ndilibe kholo lina ine."

"Musadandaule, achemwali. Ndi bambo anganso awa."

Ananyamuka cha m'ma faifi, kumwamba kutachita mitambo ya Januwale. Nkhalamba ija itangomva kulira kwa injini inasanduka mwana. Inkaloza njira ngati kuti mzinda kulibe.

"Ukhote pa mkuyupo."

"Palibe mkuyu apa, madala. Iyi ndi banki."

"Khota pa bankipo ndiye. Anaudula opusawo."

Atadutsa City Centre, Paxton anawafunsa kuti iwo ankathamanga pa nambala yanji. A Chitemwa anaseka mpaka kutsokomola.

"Ine kuthamanga? Ankathamanga azungu ndi amwenye, mwana wanga. Ine ndinali wa tsache."

Anamufotokozera. M'njira monse ankaikamo anthu olemba nthawi, aliyense ndi katebulo, wotchi, kope ndi nyali. Galimoto ikadutsa, munthuyo ankalemba nambala ndi nthawi. Lamulo linali limodzi ndipo silinkaphwanyidwa: wolemba nthawi sachoka pamalo pake, kaya kugwe mvula, kaya kulire fisi, mpaka lole yotsiriza itabwera kudzamunyamula. Loleyo ankaitcha tsache, chifukwa inkasesa onse otsala m'njira, ndipo a Chitemwa ndiwo ankaiyendetsa.

Polowa mu Area 12 kunayamba kuwaza, ndipo mdima unagwa msanga. A Chitemwa analeka nthabwala. Anagwira ndodo yawo ndi manja awiri.

"Lowa apa."

Pakati pa mipanda iwiri ya njerwa panali kanjira. Paxton anadabwa. Msewu umenewo ndi umene ankayeseramo mabuleki a galimoto za mabwana, ndipo kanjirako anali asanakaonepo. Anakhota basi, poti akulu akanena sufunsa kawiri.

Phula linatha. Mipanda inatha. Udzu wautali unayamba kukwapula zitseko. Anayenda, nayenda. Ku Area 12 munthu sungayende mphindi imodzi osaona geti, koma kuno kunalibe geti, kunalibe babu, ngakhale galu wouwa. Mitengo ya masuku yokhayokha. Paxton anayang'ana foni, n'kuipeza itazima. Anafuna pobwerera, koma kanjirako kanali kokwana matayala okha.

"Madala, kuno ndi kuti?"

A Chitemwa anangoloza kutsogolo ndi ndodo.

Kutsogolo kunaoneka kamoto. Atayandikira anaona kuti ndi nyali ya palafini, ili pa katebulo. Pambali pake panaima bambo wa zaka ngati makumi atatu, atavala kabudula wa khaki ndi masokosi ofika m'mawondo. Anakweza dzanja. Paxton anaponda buleki asanaganize n'komwe.

Bamboyo anawerama, n'kuunika chitseko ndi nyali. Anayang'ana wotchi. Analemba m'kope lonyowa loti munthu sungalembemo kanthu.

"Fotini. Ndinu omaliza, bwana. Tsache mwalisiya pati?"

Paxton anagwiritsa chiwongolero. Mantha anamugwira, koma chimene ankaopa sankachidziwa. Mlonda? Wamisala? Mwina a gulu aja amukonzera sewero?

"Caleb," anatero a Chitemwa chapansipansi.

Bamboyo anasuzumira mkati, nkhope yake n'kuwala. "Aa, achimwene a Chitemwa! Mwachedwatu. Ndimati mwina mwatitimira m'matope."

Sanakwiye. Sanadabwe ndi imvi zawo, kapena masaya ogwa aja. Anawalankhula ngati asiyana m'mawa womwewo, ndipo zimenezi n'zimene zinamuchititsa Paxton tsemwe thupi lonse.

A Chitemwa ankalira. "Ndinawerenga mitu pa lole, Caleb. Munayenera kukhala asanu ndi anayi, ndinapeza asanu ndi anayi. Ndinaiwala kuti ndinakweza munthu wa matola pa mlatho paja. Mvula ija ndinangobwerera. Pofika m'mawa mtsinje unali utakokolola dambo lonse."

"Palibe kanthu, poti mwafika."

"Kwera, ndikakutule kwanu."

Caleb anayang'ananso chitseko, n'kupukusa mutu. "Tsache ndi lole, achimwene. Iyi ili ndi nambala, ndi ya mpikisano. Lamulo mukulidziwa." Anakanda m'mutu mwamanyazi. "Kungoti mtima uli kunyumba. Ndinasiya mayi akunyumba atayamba kumva m'mimba. Ndinawauza kuti ndibwera dzuwa lisanalowe."

A Chitemwa anatsekula chitseko.

"Madala, ayi!" Paxton anagwira jekete yawo, koma inamupulumuka ngati mlamba.

"Bwera ndi wotchiyo," anawamva akutero kunjako. "Ndikugwirirako. Pita ukamuone mkazi."

Awiriwo anapita kuseri kwa nyali. Mvula inakula, galasi linachita nthunzi. Paxton anapukuta ndi chikhatho, osaona kanthu. Analiza hutala. Kenaka chitseko chinatsekuka, munthu n'kukhala pampando.

Anali a Chitemwa. Imvi zomwe zija, jekete yomwe ija, atanyowa chabe.

Paxton sanadikire. Anaponda mafuta. Asanasinthe giya kachiwiri, matayala anali pa phula, magetsi a pamipanda ali ngwee, mlonda wina atabisala mvula pansi pa ambulera. Foni inayaka yokha. Nthawi inali isanakwane hafu sikisi.

Chimwemwe chinamulankhulitsa ngati wailesi. Anati ujatu ndi wamisala basi, mzinda uno amisala achuluka. Anati njira imeneyo aisiye, adzangouza a gulu kuti inatsekedwa. Nkhalamba inagwiritsa mpando ndi manja onse, maso ali pa nyumba zosanja za ku City Centre, kukamwa kuli yasa. Paxton anaona kuti ndodo palibe, koma anati ndodo si munthu, adzagula ina.

Anapeza Rose akudikira pageti ndi ambulera.

"Mwasunga nthawi, a Paxton," anatero, n'kuwerama pazenera. "Mwatandala uli, adada?"

Nkhalamba inatsika yokha, mopepuka, popanda woigwira. Inavula chipewa, n'kuwomba m'manja mwaulemu.

"Pepani mayi, Chitumbuka sindimva. Kuno ndi kuti? Ine ndimatsikira kwa Msampha, kuseri kwa dambo."

Rose anaseka pang'ono, kenaka analeka. "Adada, ndine Rose."

"Zikomo mayi. Ine ndine Caleb."

Mawu anali a bambo ake a Rose, koma kalankhulidwe kanali Chichewa cha kumudzi chimene a Chitemwa, ndi zaka zonse anakhala ku Lilongwe, sanachithepo. Mutu wa Paxton unaima. Anayandikira nkhalambayo.

"Nanga a Chitemwa ali kuti?"

"Atsala pa tebulo, bwana. Ati mubwere ndi lole."

Kuchipatala anati ndi ukalamba, kamtsempha kam'mutu kanaduka, zimachitika. Abusa anabwera kudzapemphera kawiri. Alonda a ku Area 12 ali ndi mawu awo. Amati mvula ikamagwa chamadzulo, pamaoneka kamoto kuseri kwa mipanda ina, pamalo poti palibe njira, ndipo akale awo anawalangiza kuti asamakalondole. Atamva za a Chitemwa anangoti mlandu suola, n'kubwerera ku mbaula zawo.

Paxton sadziwa chokhulupirira. Tsiku lina amagwirizana ndi adokotala, mawa lake ndi alonda. Chionetsero chija chinachitika iye kulibe, ndipo Pijo ija anaifunditsa lona.

Mdala uja akadali kwa Rose. Ndi mlendo wosavuta. Amasesa pabwalo mbandakucha, amathokoza chakudya chilichonse, ndipo m'mawa uliwonse amafunsa ngati kwabwera uthenga woti kwawo kwabadwa mwana wanji. Mudzi wa Msampha palibe amene akuudziwa. Ena amati unali m'gulu la midzi imene inasamutsidwa pomanga likulu. Rose amamuchapira, amamuphikira. Akaiwala n'kuitana kuti adada, mdalayo amacheuka kuyang'ana amene akuitanidwa.

Rose sanamukalipire Paxton ngakhale tsiku limodzi, ndipo Paxtonyo amati bola akanamutukwana. Anabwereka lole yonyamula mchenga kwa mnzake Zubair. Mvula ikangoyamba kuwaza chamadzulo, amatseka galaja, n'kukamutenga Rose ku Area 47. Amayenda pang'onopang'ono mumsewu uja, kupita ndi kubwerera. Mipanda iwiri ija ndi yogundana, ngakhale mphaka sangadutsepo.

Lachinayi lapitali anazungulira kasanu ndi kawiri. Paxton anaimitsa lole, n'kugoneka mutu pa chiwongolero.

"Achemwali, mwina tizivomereza. Mwina adokotala aja..."

Rose sanamuyang'ane. Anali atafungata bulangete pamiyendo, nkhope itagunda galasi.

"Zimitsani magetsi, a Paxton," anatero. "Mwina nyali yawo yatsala pang'ono kutha mafuta. Sitingaione ndi kuwala konseku."