Tsiku Limene Anasinthana Nduwira

Kirandeep ankagulitsa nsalu za nduwira m'sitolo ya amalume ake ku Moga. Tsiku lina munalowa Tejinder, mnyamata wamtali, wa ndevu zopesa bwino.

"Tandigwirireni uko, tiyikoke," anatero atagula nsalu. Anakoka, wina uku wina uko, maso ali pa mnzake. Basitu, zinayambira pomwepo.

Mauthenga pafoni osati masewera. "Duwa langa, wadya?" Kenako: "Kiran wanga, ndikulumbira dzanja lili pa nduwira yangayi. Tikangokolola tirigu, ndikukwatira."

Ndani sakanakhulupirira? Kwathu kuno mwamuna saseweretsa nduwira. Ndi mphatso ya Guru, mphunzitsi wamkulu wa chipembedzo chathu, ndi ulemu wa bambo ake.

Tirigu anakolola. Foni inangoti zii. Kirandeep analemba, n'kulembanso: "Ndakulakwira chiyani? Ndiyankhe, olo unditukwane!" Chakudya chinasiya kulowa.

Lamulungu lina Kirandeep akuchokera kopemphera ku gurdwara, anapeza anthu pabwalo pawo, maswiti akuzungulira m'mbale. Pakati panaima mchimwene wake Balkar, ndi Tejinder! Mtima unadumpha. Kodi wabwera kudzafunsira?

Kenako anayang'ana kumitu. Nduwira ya Balkar inali pamutu pa Tejinder, ya Tejinder pamutu pa Balkar.

Ngakhale mwana amadziwa: amuna akasinthana nduwira, akhala pachibale mpaka imfa. Mlongo wa mmodzi ndi mlongo wa onse awiri, ndipo munthu sakwatira mlongo wake.

Anakokera Balkar kuseri. "Achimwene, mwandipha! Mwachitiranji zimenezi?"

"Iwe, wapenga? Tejinder wachita kundipempha yekha, misozi ili m'maso, ati alibe m'bale. Ndikanakana nduwira ya munthu?"

Kupempha yekha! Kulephera kungonena kuti chibwenzi chatha, mpaka kukabisala m'chinthu chopatulika? Mantha onyansa bwanji!

Tejinder anabwera maso ali pansi, manja ataphatikiza. "Muli bwanji, chemwali?"

"Teji, ndiyang'ane," ananong'oneza Kirandeep. "Kabweze. Ndakugwira mwendo, kabweze nduwirayo!"

"Sizibwezeka. Ukudziwa iwenso."

Amayi a Kirandeep anatulukira, nkhope ili mwee. "Kiran mwanawe, wamva? Mchimwene wako watsopanoyu akukwatira mwezi wamawa ku Jalandhar, ndipo kwawo kulibe mwana wamkazi. Womuveka nthenga ya mkwati pa nduwira ndiwe, ndamulonjeza kale. Bwanji wangoti duu? Tamutchule bwino, timve!"

Bwalo lonse linali kumwetulira, kudikira. Kirandeep anatembenukira kwa Tejinder.

"Takulandirani," anatero, "achimwene."