Anapiye Opakidwa Jivi

Hannah atatsegula khola la kalabu ya zaulimi Lachitatu m'mawa, anangoti kukamwa yasa. Mwa anapiye khumi amene anaswedwa Lolemba, asanu ndi mmodzi anali atasanduka apepo. Wolakwa sanafunike kumusaka. Filipo, mlongo wake wa Sitandade 2, anali atakhala phee pakona, nthenga kudzanja, pakati pa miyendo pali kabotolo ka jivi, mankhwala opaka pazilonda amene amayi awo ankasunga pazenera.

Mwana ameneyu anali atamutopetsa kalekale. Pasukulu yawo, kufupi ndi Nsaru, panalibe wosamudziwa. Ndi uja analowa m'kalasi ndi chule m'thumba la kabudula, uja analira tsiku lonse anzake atapha bilimankhwe. Masabata atatu onse amene thadzi linkafungatira mazira, iye ankasiya phala la pasukulu n'kukakhala pakhomo la khola ngati mlonda wolembedwa ntchito. Koma izi tsopano zinanyanya. Lachisanu kunkabwera alendo ochokera m'sukulu zina kudzaona anapiyewo, ndipo Hannah, mtsikana wa Sitandade 7 komanso wapampando wa kalabu, ndiye anayenera kuima kutsogolo n'kufotokoza.

Analanda kabotolo kaja, namukoka khutu mpaka panja. Filipo, akusisita khutu lakelo, anafotokoza kuti kuyambira Lolemba kabawi wakhala akutera mumtengo wa bulugama kuseri kwa zimbudzi, maso ali pakhola. Anati a Abrahamu, mtenanti wa ku Mulanje amene ankalima fodya pa esiteti yoyandikana ndi kwawo, anamuuza kuti kabawi akaona mwanapiye wopakidwa mtundu samuzindikira, amangodutsa. Hannah anamuyankha kuti buku la zaulimi analiwerenga kuyambira koyamba mpaka kumapeto, ndipo za jivi munalibemo.

Anayesa kutsuka mmodzi ndi sopo. Jivi n'kumachoka ngati? Kamwanapiye kanangotsala pang'ono kufa ndi chisanu, mtundu uli pomwepo. Aphunzitsi a Kamphinda, oyang'anira kalabu, atabwera anapukusa mutu, kuseka akukubisa m'chifuwa, nati palibe chochita, alendo adzaone anayi oyerawo. Hannah anatsimikiza mumtima kuti Lachisanu apepowo adzawatsekera m'katoni.

Poweruka Filipo anamutsatira njira yonse ngati ntchentche. Mwa anayi aja munali kena kofooka, kamene kanachedwa kutuluka m'dzira, ndipo iye anakatcha Chitsirizira. Anakasiya dala kuti ayambe waphunzira kupaka pa anzake amphamvu.

"Asisi, mungondilola ndipake Chitsirizira yekha. Amatsalira m'mbuyo."

"Ukufuna alendo adzandiseke ine, eti?"

"Ndingopaka pamsana pokha, pang'ono."

"Iwe, ukayankhulanso za jivi ndikakunenera kwa amayi kuti unaba mankhwala awo."

Kabotolo kanagona m'chikwama cha Hannah, pansi pa makope.

Lachinayi pa nthawi yopuma thadzi analitulutsa kuti likapalase ndi ana ake. Hannah anaima pafupi iye mwini, ndodo m'manja, kuti Filipo asayerekeze kuyandikira. Ankayang'ana kumene kungachokere mlongo wakeyo, kumwamba sanayang'aneko. Anangomva thadzi likukuwa, n'kuona mthunzi ukudutsa pansi. Apepo awiri anali poyera penipeni, koma kabawi anawapitirira, nakawakha koyera kaja kamene kankadzikoka m'mbuyo mwa onse. Ana anakuwa, ena anaponya miyala ndi zigulumwa, koma mbalame inali itafika kale pamwamba pa bulugama. Ndodo ya Hannah sinatukuke n'komwe.

Filipo anafika akuthamanga, kapu ya phala ikutayikira. Anagwada n'kuyamba kuwerenga anapiye amene ankatuluka mmodzimmodzi pansi pa mapiko a make. Anawerenga kawiri, kawiri konse anathera pa asanu ndi anayi. Hannah anadikira kuti alire, kapena amunene pamaso pa anthu onse. Zikanakhala bwino akanatero, chifukwa kukalipirana ndi mwana ameneyu anakuzolowera. Koma Filipo anangokhala chogwada, akuyang'ana kumtengo kuja, kumene tinthenga toyera tinali titayamba kugwa.

"Atsala atatu oyera, asisi," anatero motsitsa mawu. "Mawa kabawi abweranso."

Manyazi ndi chisoni zinamugwira Hannah nthawi imodzi. Belu linalira, anzawo anathamangira m'makalasi, iye sanasunthe. Kenaka anatsitsa chikwama, nakhuthulira makope onse padothi mpaka kabotolo kanagubuduka. Anagwada pafupi ndi mlongo wake, natola mwanapiye woyera mmodzi, kamtima kake kakugunda m'manja mwake.

"Katole nthenga," anatero. "Ine ndigwira, iwe uzipaka. Upake thupi lonse."