Kapu Yokhala ndi Mchombo

Towera ankakhala ku Hara, m'boma la Karonga, pafupi ndi minda ya mpunga. Anali mu sitandade 2. Ankafuna chinthu chimodzi chokha. Ankafuna anzake amuombere m'manja.

Tsiku lina aphunzitsi ake, a Madalo, anapereka ntchito. Aliyense abwere Lolemba ndi chinthu chopanga yekha.

Towera anaumba kapu ya dothi. Anaiyanika padzuwa. Koma dzuwa la ku Karonga silinyengerera. Kapu ija inang'aluka. Anaumba ina. Nayonso inang'aluka.

Lolemba linakwana. Towera analibe kanthu. Anasuzumira m'dengu la mbale. Anaona kapu ya pulasitiki ya buluu ya amayi ake. Inali yosalala. Inali yowala. Anaibisa m'chikwama.

Kusukulu, mnzake Gordon anaonetsa galimoto ya mawaya. Towera anaonetsa kapu ya buluu.

"Ndaumba ndine," anatero, osaphethira n'komwe.

Gordon anaitembenuza kapu ija. Pansi pake panali kachiphuphu ndi manambala. Anafunsa ngati manambalawo analembanso ndiye. Kalasi yonse inafa nacho chiseko.

Aphunzitsi sanaseke. Anangomuuza kuti abwere ndi chake chenicheni Lachisanu.

Towera anachita manyazi. Anachita manyazi m'kalasi. Anachita manyazi m'njira. Anafika kunyumba mutu uli zyoli.

Pakhonde panali Ankhazi Bessie, mlongo wa bambo ake. Iwo amagwira ntchito ku fakitale ya mapulasitiki ku Lilongwe. Anali patchuthi. Towera anawauza zonse, misozi ili mbwembwembwe.

"Wanama, mwana wane, ndipo walakwa," anatero Ankhazi. "Koma kapu iyi ngakhale ine sindingaiumbe ndi manja."

Ankhazi anatapa mpunga pang'ono. Anati pulasitiki imafika ili timibulu ngati mpungawo. Makina amatenthetsa timibuluto. Timasungunuka ngati phala. Makina amakankhira phalalo m'chikombole chachitsulo. Limalowera pakabowo kakang'ono. Madzi amaziziritsa chikombole. Phala lija limauma. Chikombole chimatseguka, kapu n'kugwa.

"Nanga kachiphuphuka?" anafunsa Towera.

"Ndi mchombo wa kapu. Phala linalowera pamenepo."

Towera anafuna kusungunula mabotolo pambaula.

"Yayi," anakana Ankhazi. "Utsi wake umadwalitsa. Ife tigwiritsa ntchito dothi."

Anatenga makapu awiri, yaikulu ndi yaing'ono. M'kapu yaikulu anayala jumbo. Yaing'ono anaikulunga m'jumbo ina. Anatero kuti dothi lisamatirire.

Towera anaika dothi m'kapu yaikulu. Analowetsamo yaing'ono. Anakanikiza. Anakanikizanso. Dothi linakwera m'mbali monse. Anazula yaing'ono. Anakoka jumbo pang'onopang'ono. Kapu ya dothi inatuluka!

Ulendo uno anaiyanika pamthunzi. Sinang'aluke.

Lachisanu Towera anaima kutsogolo kwa kalasi. Manyazi anali asanathe.

"Ndinanama," anatero. "Kapu ya buluu ija inapangidwa ndi makina. Pepani."

Towera anatulutsa makapu awiri ndi dothi. Anafotokoza za timibulu. Anafotokoza za phala. Anafotokoza za chikombole. Anakanikiza, n'kuzula. Kenako anaonetsa kapu yake youma ija. Inali yopendekera pang'ono.

Aphunzitsi anaigwira mosamala ngati dzira. Anamwetulira. Ana onse anadzaza patebulo kuti aone.

Loweruka m'mawa, Towera ankapeta mpunga ndi amayi ake ndi Ankhazi. Kunamveka odi. Anali Gordon. M'manja anali ndi makapu awiri ndi dothi.

"Undiphunzitseko," anatero motsitsa mawu.

"Makapuwo amayi ako wawapempha?" anafunsa Towera.

Gordon anapukusa mutu mwamanyazi. Amayi ndi Ankhazi anaseka mpaka mpunga unatayika.

"Thamanga ukapemphe kaye," anatero Towera. "Ndikudikira."