Chomwe Inkadya Ng'ombe ya Vigin

Dzuwa litangobisala kuseri kwa minda ya mpesa, Vigin analowa m'khola ndi ndowa ya chakudya cha Pavun, ng'ombe yake yofula, yoyera ngati mkaka. M'ndowamo munali zinthu zomwe ngakhale mkazi wake Tilde sankazilawa kawirikawiri: mgaiwa, madeya, nyemba zophika, ndi mazira oswera pamwamba. Ndimo mmene anthu a m'mapiri a Langa amanenepetsera ng'ombe yopita kuchionetsero cha ng'ombe cha m'tauni ya Carrù mu Disembala. Siponda kumsipu, imangokhala m'khola n'kumadya ngati bishopu.

Koma modyeramo anapeza chakudya cham'mawa chili chikhalire, chitayamba kusasa. Chadzulo anali atataya chimodzimodzi. Pavun inali italeka kudya, komabe inkanenepa. Matako anali atagawanika pakati ngati buledi, khungu lili see. Ndipo inkabzikula pang'onopang'ono, nsagwada zikupera, maso ali pa Vigin. Inkabzikula chiyani, popeza m'mimbamo simunalowe kanthu?

Vigin anakweza buluku lake lomwe linkafuna kugwa. Lamulungu lapitalo anali ataboola bowo latsopano palamba, koma bulukulo linali litayambanso kukhwepa. Apo m'pamene anakumbukira Notu.

Notu anali bambo wa kuseri kwa tchalitchi, wamimba ngati mgolo wa vinyo. Chaka chathacho ng'ombe yake inaleka kudya, n'kunenepa mpaka inapambana ku Carrù. Mwini wake anamuika m'manda Khirisimasi isanafike, m'bokosi lomwe amuna awiri ananyamula uku akucheza. Chaka china m'mbuyomo anali Gepin wa kuchigayo, chimodzimodzi. Dokotala anati ndi chifuwa. Amayi kochapira zovala ankanena zina, motsitsa mawu, akuyang'ana kumbuyo.

Pajatu m'mudzimo aliyense amadziwa kuti ng'ombe ikasendedwa imaulula chomwe inkadya. Ya kumsipu imakhala ndi mafuta achikasu, nyama yakuda ndi yolimba. Ya chimanga mafuta ake ndi oyera, nyama yofewa. Ndipo ng'ombe za kuno, uzidyetse bwanji, sizilowa mafuta ambiri m'kati mwa mnofu. Koma ya Notu inali ndi timizere ta mafuta ponseponse, tofiirira ngati chikhatho cha munthu. Amene anaiwiritsa anati mphika unkanunkha fodya, wakuda uja Notu ankatafuna. Anadya ndithu, anthu akwathu sataya nyama, koma anadya atatseka zitseko.

M'mawa mwake kunabwera Cichin, mwini butchala, munthu wanthabwala yemwe ankagula ng'ombe zonse zopambana. Nyama yake anthu ankaiyendera kuchokera ku Torino.

"Vigin, mphepo ikawomba uzigwira mtengo, ungatiulukire!" anatero akulowa m'khola.

"Ndi m'mimba chabe," anayankha Vigin.

Cichin anatsina Pavun patsinde pa mchira, kenako m'nthiti, monga amachitira onse ogula ng'ombe. Anaimba likhweru.

"Mayi Maria! Ukuipatsa chiyani, mbava iwe? Mazira a angelo?"

Tilde anali ataima pakhomo, manja atawapinda m'chilundu.

"Ipheni mawa, a Cichin. Zachionetsero tazisiya."

"Mawa? Ayi, mayi, imeneyi sinapse. Kwatsala pang'ono." Akunena zimenezi anatsina Vigin m'nthiti, chimodzimodzi, n'kuseka. "Kadakalipo kanyama apa."

Vigin anaseka nawo, koma pomwe anamutsinapo panazizira mpaka madzulo.

Mwina mukuti munthu wanzeru akanainola mpeni tsiku lomwelo. Simukumudziwa mlimi wa ng'ombe inu. Vigin anali atakalamba akusirira nsalu yopeta ija amafunditsa ng'ombe yopambana, ndipo sanakhalepo ndi chiweto chokongola ngati chimenechi. Akagona ankaopa kufa, akadzuka n'kuiona ankati, bwanji ndingopirira pang'ono.

"Bambo inu, nsaluyo mukufuna tikufunditseni m'bokosi?" ankatero Tilde.

"Khala chete, mkazi iwe. Ndani anafa ndi ng'ombe yonenepa?"

"Notu. Gepin. Ndipitirize?"

Chifunga chinatsika n'kukuta mudzi wonse. Agalu analeka kudutsa pakhola la Vigin. Tsiku lina Tilde anamva mwamuna wake akutsokomola m'kholamo, kutsokomola kwake kuja kothera ndi kalikhweru, pomwe mwiniwakeyo anali naye patebulo. Anayang'anana, supuni zili m'malere.

Masana ake Vigin analephera kunyamula ndowa, anagwa chagada paudzu wa m'khola. Pavun inaweramitsa mutu n'kumupumira kumaso. Mpweya wake unkanunkha adyo ndi tinsomba tamchere, zomwe Vigin mwiniyo anadya dzulo lake. Kenako inayamba kumunyambita mkono. Lilime likadutsa, ankamva kanthu kakusololoka m'kati mwa mnofu, ngati ulusi wa juzi yomwe ikuphwasuka. Tilde ndiye anamukoka miyendo, ndipo anapepuka ngati mtolo wa mapesi.

Tilde sanafunsenso chilolezo. Anamasula unyolo wa m'khosi mwa ng'ombeyo, n'kuuponya pamoto mpaka unafiira. Umu ndi mmene amaitanira mfiti kwathu: umenya unyolo wotentha, ululu wake umapita kwa amene walodza khola, ndipo amabwera yekha kudzapempha kanthu.

"Aliyense amene agogode, musam'patse kalikonse," anatero Tilde. "Mukam'patsa, mwadzipereka."

Anamenya ndi nyundo, nkhaa! nkhaa! Kukhola Pavun inalira ndi mawu omwe sanali a ng'ombe. Kunja kukuyamba kuda, kunamveka mapazi akukhwekhwereza pamiyala. Fungo ndi lomwe linayamba kulowa, fungo la nyama yopserera. Chitseko chinatseguka, ndipo anali Cichin, mpango atakulunga mpaka m'makutu, thukuta lili kamukamu m'chisanu chonsecho.

"Ndibwerekeniko kamchere, anansi."

"Butchala yopanda mchere?" anatero Tilde. "Tilibe."

"Nanga madzi akumwa?"

"Chitsime chauma."

Cichin anamwetulira movutikira, n'kutembenukira kwa Vigin yemwe anali atakhala pampando.

"Mnzanga, zaakazizi tisiye. Ng'ombe ija yapambana kale, ndayankhula nawo oweruza. Bwera nalo dzanja, titseke malonda."

Kuno mwamuna sakana dzanja pa malonda a ng'ombe. Ndi chipongwe choposa kutukwana amayi ake a munthu. Vigin anangoona mkono wake ukukwera wokha, ngati wa chidole. Zala za Cichin zinali pafupi, zikufuka nthunzi. Tilde anakweza nyundo ndi manja awiri n'kuitsitsira paunyolo uja. Cichin anakuwa, mpango unagwa, ndipo m'khosi mwake monse munali mabala ofiira olumikizana, mphete ndi mphete. Anatuluka chafutambuyo n'kumezedwa ndi chifunga. Butchala yake sinatsegulidwenso, ndipo palibe amene anakafunsa komwe analowera.

Pavun anaipha kutacha, mlongo wake wa Tilde ndiye anagwira mpeni. Atasenda anabwerera m'mbuyo n'kulemba chizindikiro cha mtanda. Mafuta anali ofiirira, atalowerera mnofu wonse.

"Palibe alawepo, ngakhale galu," anatero Tilde. "Ndi zanu izi, bambo. Bwezerani momwe zinachokera."

Anaithira mchere nyamayo, ndipo Vigin anaidya yekha nyengo yonse yachisanu, yowiritsa, m'mawa ndi madzulo, misozi ikugwera m'mbale. Thupi linabwerera. Masaya anadzaza, khosi linakula kuposa kale, anansi n'kumati wapulumuka.

Udzu utayamba kuphuka, Tilde anamupeza ataima pampanda, akuyang'ana kudambo osaphethira. Nsagwada zake zinkapera pang'onopang'ono, uku ndi uku.

"Vigin, mukutafuna chiyani?"

Anatembenuza mutu wonse pamodzi ndi mapewa, n'kumuyang'ana nthawi yaitali ndi maso aakulu, ofatsa, osamudziwa.