Tepi ya Che Yunus

Woyamba kuzindikira anali Mayi Zena oyandikana nawo nyumba: magetsi akazima m'tauni yonse ya Mangochi, kwa Che Yunus kunkamveka nsapato zikukwera masitepe, chonsecho nyumbayo inalibe masitepe.

Che Yunus kale ankaonetsa mafilimu m'chisakasa chakumsika, koma mafoni atabwera anatsala ndi tepi imodzi yopanda dzina. Inali filimu yakalekale ya munthu wokhala yekha mumzinda waukulu, wongokwera masitepe, kuphika tiyi, n'kukhala chete moyang'ana khoma. Ankaionera tsiku lililonse, chifukwa munthuyo akatembenuka, msana wake unkafanana ndi wa Ibrahimu, mwana wawo amene anapita ku Joni n'kusiya kuimba foni.

Anthu andalama ali ndi matenda awoawo. Sameer wa ku Limbe, wosonkhanitsa matepi osowa, anailondola mpaka pakhomo, ati padziko inatsala yomweyi. Che Yunus anakana kugulitsa, ndipo nsapato zija zinayamba sabata yomweyo.

Usiku wina zinamveka kudenga, pang'onopang'ono, kenako supuni ikugunda kapu mumdima. Usiku wotsatira munthu anatsokomola. Mphekesera sinachedwe: mkuluyo anakhwimira mwana wake n'kumutsekera mutepimo. Woifalitsa anali Swadick, mphwawo, yemwenso anabisa kudengako kasipika kotulutsa maphokosowo, Sameer atamulonjeza njinga yamoto akamubweretsera tepiyo.

Anthu anadzaza pakhomo miyala ili m'manja. Che Yunus anagwada, tepi ili pachifuwa.

"Ndisiyireni, ana anga," ananong'ona. "Ndilibe wina wocheza naye."

Swadick anaitsomphola, ati akaitenthe, khamu likuseka. Palibe anawalonjeranso Che Yunus, ngakhale kumzikiti. Patapita masiku, Mayi Zena anakankha chitseko chifukwa cha ntchentche, n'kuwapeza atauma pampando, maso ali pa kanema wozima.

Kasipika kanali katachotsedwa kalekale, koma usiku wa maliro Swadick anamva nsapato padenga lake, za anthu awiri. Anachezera ali maso ndi mantha. M'mawa Sameer anaimba foni atalusa, kuti za njinga aiwale, poti tepi anabweretsayo ndi yabodza.

"Mufilimu yeniyeni munthuyo amakhala yekha," anatero. "Umu pabedi pakhala nkhalamba yovala kofia, akumwa tiyi awiri."

Swadick anafunsa: "Nanga tepiyo ili kuti, bwana?"

"Ndaitaya kudzala. Angasunge filimu ya anthu osangalala ndani?"