Dzina la Abby M'gulu la a Daka

"Ndayesa katatu. Ikukana."

"Walemba bwino nambala yachinsinsi?"

"Amama, ndi tsiku langa lobadwa. Ndingaiwale?"

Tasila analanda foni m'manja mwa mwana wake Abby. Anali pakhomo la kafakitale kawo ka chiponde ku Petauke, matumba a mtedza wochokera ku Msanzala ali pa lole, dalaivala akuliza hutala. Pafoni panali mawu awiri okha: Mulibe chilolezo. Kwa zaka ziwiri Abby ndiye ankalandira katundu aliyense ndi foni yomweyo.

Pulogalamu ya pafoniyo anaikonza ndi Tasila yemwe. Apongozi ake, amayi Anastazia Daka, anali ndi makampani awiri: sitolo ya mbewu ku Petauke ndi malole ku Nyimba. Tasila anawaika m'gulu limodzi kuti munthu akapatsidwa chilolezo kamodzi chizigwira ntchito konse, komanso katundu akakonzeka uthenga uzipita wokha kwa madalaivala. Kampani yake ya chiponde, yomwe anaiyamba asanakwatiwe ndi Webster, anaisiya padera. Lero anaipeza ili m'gulumo. Ndipo kampani ikalowa m'gulu, mayina a anthu ake amafufutika, n'kutsala a gululo. Makina sadana ndi munthu, amangowerenga mndandanda.

Analandira mtedzawo ndi foni yake, n'kunyamula laputopu. "Kwera galimoto," anauza Abby.

Anapeza amayi Anastazia pakhonde akusankha nyemba zambewu, Webster ali pambali akumwa tiyi wochedwa.

"Ndani walowetsa kampani yanga m'gulu?"

"Upeleke moni poyamba, mpongozi."

Tasila anagwada, anapereka moni, n'kufunsanso funso lomwelo.

"Ndine ndinatuma mwamuna wako," anatero amayiwo. "Zaka khumi ndi zisanu uli pakhomo pano, koma chiponde chako chimagona panja ngati mbuzi ya eni. Amachinyamula ndi malole a ndani? Banja ndi limodzi."

"Unasiya laputopu yotsegula dzulo masana," Webster anawonjezera, maso ali m'kapu. "Sindinafune mkangano."

Tasila anali ndi mawu omwe anawasungira apongozi akewo kuyambira tsiku limene anafika pakhomopo atagwira dzanja la mwana wa zaka zinayi, wa mwamuna wake woyamba. Anawatulutsa onse.

"Banja ndi limodzi mukafuna chiponde changa! Nanga mwana wanga? Lelo waima pakhomo la fakitale ya amake ngati wopempha ganyu. Ndinadziwa kale, amama, kuti simunamuwelengepo."

Amayi Anastazia anaika lichero pansi. "Abby? Ine ndinati alembe onse a panyumba, dzina lake ndinalitchula ndi pakamwa panga. Amandikumbutsa mankhwala a shuga ndani? Conrad, mwana wako ndi Webster, amene sadziwa ndi mtundu wake omwe?"

Tasila anakhala pansi. Anatsegula laputopu pamaondo, n'kupita pamene pulogalamu imasunga mbiri ya zonse zosinthidwa. Anawerenga mokweza, mawu ake ali ozizira.

"Abby Mumba. Walembedwa mphindi khumi ndi ziwili itakwana folo. Wachotsedwa mphindi khumi ndi zitatu. Wochotsa, Webster Daka."

Pakhonde panangomveka nkhuku zikutola nyemba zogwa.

"Amake Abby, tamvela," Webster anayamba. "Wa m'gulu amaona zonse, malole, sitolo, zonse. Ndinaganizila Conrad. Abale a atate ake Abby akali ku Nyampande. Mawa akabwela kudzati mwana wathu ali ndi gawo muno?"

"Anthu amene sanabwele ngakhale pamene Abby anagonekedwa kuchipatala?"

"Ndikanamubwezela. Ndinangofuna kuganiza."

"Munaganiza," Tasila anatero. "Mphindi yathunthu. Ena sakwanitsa."

Misozi inatsika yokha, ndipo sanaipukute. Analibe mphamvu zokalipanso. Anadina katatu, kampani ya chiponde inatuluka m'gulu, foni ya Abby n'kulira kuti chilolezo chabwerera. Mtsikanayo sanaiyang'ane n'komwe.

"Usachotse, mwanawanga," amayi Anastazia anadandaula, atagwira Tasila chitenje. "Ndionetse podina, ndimulembe ndi chala changa. Uyu ndi chitsilu, koma ndi chitsilu changa, ndimukonza."

"Pepani pa mawu anga aja, amama. Ndinakulakwilani." Tasila anaimirira. "Kulemba dzina sikuvuta. Ndaonanso kuti kulichotsa sikuvuta. Tikakhala kaye kwa Mildred, mng'ono wanga. Conrad akaweluka kusukulu mumuuze komwe ndili."

Anapita kugalimoto, n'kumenyetsa chitseko mpaka nkhuku zinabalalika. Webster anadzuka, tiyi n'kutayikira pathalauzi, koma sanapite patali chifukwa Abby anali ataima pamasitepe. Uyu ndi mwana amene Webster anamuphunzitsa kupalasa njinga pamsewu wa fumbi wa kuseri kwa sitolo, amene ankamunyamula paphewa popita kutchalitchi. Abby sanalire. Anamuyang'ana monga momwe amayang'anira thumba la mtedza lomwe kulemera kwake sikukugwirizana ndi zolembedwa.

"Adadi," anatero. "Manje ndizikuitanani ndani?"